Kalongonda Wopita ku Biwi

Masiku ano ndikagulitsa kanthu pa foni ndimangotsetserekera pa Mbulumbuzi, n'kusiya katunduyo kwa mayi wina amene amasonkhanitsa mapaselo a ku Lilongwe, basi ndabwerera kudimba. Zinaphweka, sindikana. Koma mtima wanga umabwererabe ku chaka chija ndinkangoyamba kumene malondawa, pamene ndinanyamula ndekha bigiri ya kalongonda wophika kuchoka kuno mpaka ku Lilongwe. Nthawi imeneyo maondo anali asanayambe kundiukira, ndipo Che Amidu, mnzathu wogulitsa nsalu pamsika, anali adakali moyo.

Ndinkagulitsa zouma zokhazokha pa gulu lina la malonda la pa foni: nandolo, mapira, kalongonda wosaphika. Ogula anali anthu akwathu konkuno amene tawuni inawameza. Ukajambula thumba n'kuponya chithunzi pagulupo, wofuna amakuimbira. Katundu wa ku Lilongwe tinkamukweza basi, n'kukafikira pa sitolo ina ya ku Biwi, ndipo ogula ankakatenga pamenepo. Wogula ndi wogulitsa osaonana nkhope, malonda ngati a mizimu.

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, foni inalira.

"Amayi, ndinu amene mumagulitsa kalongonda?"

"Ndine ndithu. Mukufuna wochuluka bwanji?"

"Ndikufuna wophikaphika."

Ndinaseka. Ndinati mwana wanga, wophika ndiye ayende bwanji mpaka ku Lilongwe kutentha kumeneku? Koma iye sanaseke. Anati dzina lake ndi Felista. Mayi ake ndi a kwa Kadewere, anakwatiwa kalekale n'kupita ku Lilongwe, ndipo tsopano anali m'chipatala. Anasiya kudya. Phala ankalavula, tiyi ankatembenuza nkhope. Adokotala anali atanena poyera kuti ngati sayamba kudya, mankhwala alibe pokhala. Mawu omaliza amene ananena asanatseke pakamwa anali amodzi okha: kalongonda.

"Ine ndinabadwira kuno, amayi, sindinaphikepo. Akuti ukalakwitsa amapha. M'misika ndazungulira, ena sakumudziwa n'komwe. Thiransipoti yanu ndilipira, chonde."

Mwanayo sananame. Kalongonda si nyemba zoti n'kungotereka, n'kupita kukacheza kwa aneba. Ukamuphika mwaulesi amakuzunguza mutu, kusanza mpaka kuona nyenyezi masana. Umawiritsa, n'kutaya madzi akuda bii aja, kusenda khungu, kuwiritsanso, kutayanso, mpaka madzi ayere ndipo mtolo wa nkhuni uthe. Ine anandiphunzitsa azakhali anga, amene ankagulitsa pa geti la sukulu, akuyeza ndi kasupuni. Tikamatuluka pa buleki tinkamva fungo lake tisanawaone eniake.

Ndinafunsa kwa olandira mapaselo a pa basi, iwo anati zophika salandira. Ndiye ndikanatani? Munthu wa kwa Kadewere ndi wakwathu, ngakhale sindinamuonepo. Ndinaphika tsiku lonse lathunthu, bambo akunyumba akungodandaula kuti nkhuni zawo zogulitsa zikuthera m'mphika wa mlendo. Felista anati iye sangachoke pambali pa bedi masana. Tinagwirizana kuti ndikasiye pa sitolo ya ku Biwi ija isanatseke madzulo, iye adzatenga achemwali ake akabwera kudzamulandira.

Kutangocha ndinali pamsewu, bigiri pamutu, yovundikira bwinobwino. Minibasi ya ku Limbe inaima, kondakitala n'kuyang'ana bigiri asanayang'ane ine.

"Masiteni, iyi ilipira wani sauzande."

"Ilipire chifukwa chiyani? Ikhala pamiyendo panga. Kodi miyendoyi ndi yako?"

M'katimo wina anaseka mokweza, ndipo ndinazindikira chisekocho ndisanaone munthu. Anali Che Amidu, atavala mkanjo wawo woyera ndi kofia, kachikwama pamwendo. Anati akupita ku Lilongwe kukaona mwana wawo ndi kukaoda nsalu.

"Achemwali, mwasamuka? Alamu akupitikitsani?"

"Andipitikitse ndani? Nyumba ija ndi ya kwathu, wopita ndi iwowo."

Tinadutsa pa Njuli tikuseka. Ndinawafotokozera za bigiriyo, iwo n'kupukusa mutu. Anati pa moyo wawo anaonapo munthu akunyamula mbuzi pa njinga, bokosi la maliro pa ngolo, koma kalongonda wokwera basi ya ku Lilongwe anali asanamuone.

Kudepoti ya ku Blantyre ndiye kunayambira mavuto. Tinasankha basi imene inkaoneka yodzaza, injini ikulira, dalaivala akuiyendetsa pang'ono kutsogolo, pang'ono kumbuyo, ngati ikunyamuka pompo. Titangolipira, anyamata amene anadzaza mipando anayamba kutsika mmodzimmodzi. Kani anali ongokhalira kuti basi ioneke yodzaza! Tinatsala anthu owerengeka, tikuyang'anana ngati nkhuku zogula. Analowa wogulitsa mankhwala a mano, anatuluka. Analowa mlaliki, anatilalikira za Yona, anatuluka. Ine maso ali pa dzuwa, likukwera, lata la basi layamba kale kutentha. Ndinasuntha bigiri kuichotsa kuwindo, n'kuifunditsa chitenje chonyowa.

Tinanyamuka dzuwa litakwera ndithu. Lunzu, Lirangwe, n'kutsetsereka ku Shire. Pa rodibuloko ya pa Zalewa wapolisi anati nditsegule. Anasuzumira, ananunkhiza, n'kumwetulira.

"Mayi, kwathu ndi ku Phalombe. Tsekani msanga ndisanalakwe."

Basi yonse inaseka, koma ine potseka ndinaona kuti kunsi kwa chivundikiro kwachita thukuta. Chakudya chophika chikayamba thukuta m'pulasitiki, ndiye kuti kusasa kuli pakhomo.

Tisanafike pa Phalula penipeni, kutsogolo kunamveka phokoso ngati chikwapu, kenaka fungo la labala wopserera. Basi inayenda pang'ono n'kuima pafupi ndi timasitolo toyambirira. Dalaivala anatsegula injini, n'kutulutsa lamba woduka, akumugwira ngati njoka yakufa. Wina wapadera analibe. Kondakitala anakwera njinga yamoto kukasaka lamba, akutilonjeza kuti abwera pompano. Pompano wa kondakitala mumamudziwa inu.

Abale inu, ku Phalula kumatentha. Ife a kumtunda timadandaula Okutobala, koma kuja mpweya umene umachita kukuwotcha m'mphuno. Anthu anabalalika kusaka mithunzi. Ena anakhala pansi pa mlambe wopanda tsamba ndi limodzi lomwe, kungodzinamiza. Mayi wina wa khanda ankalikupiza ndi katoni. Bambo wina wa ku Dowa, wa jekete ngakhale kunkatentha choncho, ankangoyendayenda akuuza aliyense kuti iye ananeneratu kuti basi iyi ndi yakufa. Ananeneratu kwa ndani, kaya.

Ine ndinakhala kuseri kwa basi n'kutsegula bigiri. Ndinalawa kamodzi. Anali asanasase, koma kakomedwe kake kanali katayamba kutembenuka, kaja umakamva kumapeto kwa lilime. Ndinadziwa kuti akakhala choncho mpaka madzulo, ndikapereka poizoni kwa munthu wodwala kale. Foni inalira, Felista.

"Muli pati, amayi?"

"Tili m'njira, mwana wanga, tikubwera."

"Lero akana ngakhale madzi."

Nditadula foni misozi inalengeza. Ndinadzimvera chisoni, ndinamumvera chisoni Felista, ndinakwiyira basi, lamba, dzuwa, zonse. Che Amidu anabwera n'kunjuta pambali panga.

"Achemwali, kulira sikuziziritsa nyemba. Kumudzi mukafuna kuti ndiwo zigone mumatani?"

"Timafunditsa."

"Nanga kuno moto kulibe?"

Tinapita pa kanyumba kena kogulitsiramo tiyi. Mwini wake anali mayi wamtali, wowonda, wa mawu ochepa. Nditamupempha sefuliya yaikulu ndi moto, anafunsa kuti ndiphikamo chiyani. Atamva, anabwerera m'mbuyo.

"Zija zimapengetsa anthu zija? Mundiphere makasitomala?"

Ndinalumbira kuti n'zakupsa kale. Ndinatapa dzanja lodzaza n'kudya pamaso pake, Che Amidu nawo anadya. Mayiyo anatiyang'anitsitsa kanthawi, ngati akudikira kuti tivule zovala n'kuthamangira kutchire. Ataona kuti tidakali anthu, anatulutsa sefuliya yophikira pa maliro, n'kundilozera mafuwa kuseri kwa nyumba. Nkhuni ndinagula, madzi anandipatsa ulere, ngakhale kuja madzi ndi ovuta.

Moto unachedwa kuyaka, mphepo ikuuthamangitsira uku ndi uku. Sefuliya yodzaza choncho simawira msanga. Ndinagwada, ndikuuzira, utsi uli m'maso, thukuta likutsika mpaka m'zigongono. Madzi atangoyamba kulira m'mbali mwa sefuliya, ndinamva njinga yamoto. Kondakitala wabwera ndi lamba.

Mayo ine! Nthawi yonseyi ndinkapemphera kuti abwere msanga, tsopano ndinayamba kupemphera kuti lambayo akhale wosakwana. Koma anakwana. Posakhalitsa injini inalira, hutala ikuitana anthu. Kufunditsa kosawiritsa n'koipa kuposa kusafunditsa n'komwe, aliyense wophika amadziwa. Ndikaphula pamenepo, kalongonda asasa tisanafike pa Ntcheu. Ndikatsala, basi ina yokhala ndi malo idzadutsa nthawi yanji, ndipo sitolo ya ku Biwi ndikaipeza yotseka.

Ndinathamangira kwa kondakitala.

"Mwana wanga, ndidikireni pang'ono, mphika uwire."

"Masiteni, anthu onsewa adikire mphika? Iyi ndi basi, si khitchini."

Bambo wa ku Dowa uja anasuzumira pawindo. "Asiyeni amenewo! Anthu a kummwera inu, paliponse mufuna mutereke!"

Anthu anali atatopa, ndipo sindikanawada. Ndikutembenuka, ndinaona Che Amidu akutsika m'basi mwakachetechete, kabotolo ka madzi m'manja. Anayang'ana dzuwa, limene linali litapendeka pang'ono kuchoka paliwombo, n'kuuza dalaivala mwaulemu kuti nthawi ya swala yakwana. Anakhala pa mwala, anasamba m'manja, m'kamwa, kumaso, m'mikono, m'mapazi, mosathamanga ngakhale pang'ono. Anayala kamkeka kawo pamthunzi wa basi, cha kutsogolo, n'kuyamba kuswali.

Dalaivala anayang'ana kondakitala, kondakitala anayang'ana kumwamba. Ndani angasiye munthu wamkulu ali pa pemphero? Ngakhale wa ku Dowa uja anabweza mutu wake m'kati. Dalaivala anazimitsa injini.

Ine ndiye liwiro kubwerera kumoto. Mayi wa tiyi anali atagwada kale pamalo panga, akukupiza ndi chivundikiro, atawonjezera nkhuni zakezake. Sefuliya inabwata. Ndinaisiya ibwate ndithu mpaka mtima wanga unakhazikika, kenaka tinakhetsa madzi, tinayala kalongonda pa malichero awiri kuti nthunzi ichoke, tinatsuka bigiri ndi madzi otentha. Ndikasuzumira kumsewu, Che Amidu ali chikhalire pamkeka, manja ali m'mwamba, akupempha. Sindikudziwa zimene ankapempha, koma zinali zambiri.

Ulendo uno sindinatseke ndi chivundikiro, ndinamanga pakamwa pa bigiri ndi nsalu yoyera kuti mpweya uzilowa. Pophika kunyumba ndinali nditaonjezera wa basela, ndiye ndinamutapira mayi wa tiyi uja m'mbale. Anatenga kamodzi, anatafuna mokayika, n'kutenganso kawiri. Dzina lake sindinafunse, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Nditangoponda pa khomo la basi, Che Amidu anapinda mkeka wawo. Titakhala pansi ndinawanong'oneza.

"Achimwene, Mulungu akukhululukireni."

"Andikhululukire chiyani? Nthawi inali itakwanadi. Kungoti wapaulendo amaloledwa kufupikitsa swala, koma ine lero sindinaone chifukwa chofupikitsira."

Basi yonse inadzaza fungo la kalongonda wotentha. Anthu anali ndi njala, ndipo ena anayamba kutembenuka. Kwathu chakudya chili m'manja sumana mnzako wa paulendo, ndi manyazi aakulu. Koma ichi chinali chogulitsidwa kale, cha munthu amene sindinamuonepo. Ndinayendetsa basela wotsala m'kambale, n'kuwauza za mayi ali m'chipatala. Palibe anapemphanso. Mayi wa khanda uja anati tiike bigiri pansi pa mpando wake, kumene kunalibe dzuwa. Wa ku Dowa anakana kulawa, akuti iye ali ndi ana aang'ono, koma titafika pa Chingeni ndi iyeyo amene anakalipira kondakitala kuti asamaime paliponse, muli chakudya cha wodwala muno.

Kuyambira pa Ntcheu mphepo inayamba kuzizira. Pa Lizulu ogulitsa anatizinga ndi mbatata, kabichi ndi tomato, dalaivala n'kutsika kukagula zakunyumba kwake, akutsutsa mtengo ngati tilibe kopita. Ndinkangoluma mano. Pa Dedza ndinalowetsa dzanja pansi pa nsalu n'kulawa. Anali bwinobwino, ngati wangophulidwa kumene. Che Amidu anagona, kofia itagwera pamphuno, ndipo ndinawasiya agone.

Tinalowa mu Lilongwe dzuwa litafiira. Ndinatsika pa Biwi, Che Amidu akundipatsira bigiri pakhomo.

"Thamangani achemwali. Tikaonana pamsika."

Ndinafunsa njira kwa mayi wogulitsa makala, n'kupeza mwini sitolo akulowetsa makireti, chitseko chimodzi chotseka kale. Kuseri kwa kauntala kunali mulu wa mapaselo, makatoni omata ndi matumba osoka, lililonse ndi dzina lake. Atamva kuti ndi zophika, anakwinya nkhope.

"Pano timasunga zouma, mayi."

"Bambo, ndachoka nazo ku Chiradzulu m'mawa, ndaziphikanso pa Phalula. Mukakana, ndigona pakhonde panu pano, ine ndi bigiri yangayi."

Anandiyang'ana, chitenje chamwaye, maso ofiira ndi utsi, n'kupumira m'mwamba. Analemba dzina la Felista pa kapepala, anamata pa bigiri, anachotsa mabotolo angapo mu filiji n'kuilowetsa. Anati iye amakhala kuseri kwa sitolo komweko, mwiniwake akabwera agogode.

Basi, zinathera pomwepo. Ndinaima panja manja ali lende, opepuka modabwitsa. Tsiku lonse ndalimbana ndi bigiri ija ngati mwana wodwala, ndipo tsopano ndaisiya pakati pa mabotolo a zakumwa, kwa munthu wosadziwa n'komwe kuti muli chiyani. Ndinalakalaka kudikira kuti ndimuone Felista nkhope, koma mdima unkayandikira ndipo kwa msuweni wanga kumene ndinkakagona kunali kutali. Ndinamulembera kuti katundu wafika, n'kunyamuka.

M'mawa mwake ndinali m'depoti, m'basi yobwerera, tikudikira kuti idzaze. Foni inalira. Felista ankalira, mawu osatuluka bwino, ndipo ine ndinagwira mpando wakutsogolo, ndikuti basi, ndachedwa.

"Amayi, adya! Ndinafunditsa, ndinawaphwanyira ndi supuni, adya. Koma ayamba kuyankhula Chilomwe. Chibadwire sindinawamvepo akuyankhula chimenechi. Akubwereza mawu omwewomwewo, akundiyang'ana m'maso, ine sindikumva. Mwina akutsanzika, mwina akundisiyira mawu. Pano palibe wakumva. Inu mumamva?"

Chilomwe changa n'chotolatola, cha m'khitchini, chimene ndinkamva akuluakulu akamatikalipira. Ndinachita mantha. Mawu otsiriza a munthu ndiwamasulire ine, ndikalakwitsa? Koma ndinati ayike foni pakamwa pawo.

Kunamveka kupuma kolemera, kenaka mawu a nkhalamba, otsika, okanda pakhosi, koma okwiya ndithu. Ananena kamodzi, anabwerezanso. Ndinatseka khutu linalo ndi chala kuti phokoso la depoti lisandisokoneze. Atabwereza kachitatu ndinamva zonse, ndipo ndinaphulika kuseka, misozi ikutsika, anthu m'basi akunditembenukira.

"Amayi, mukuseka? Akuti chiyani?"

"Sakutsanzika, mwana wanga. Akufunsa kuti waphika ndani, mchere wachepa. Akuti uthire mchere, uwapatsenso."

Felista anatulutsa mawu amene sindidziwa ngati kunali kuseka kapena kulira, ndipo anaiwala kudula foni. Ndinamva masilipasi ake akuwomba simenti, akuthamanga m'khonde la chipatala, akufuula kwa anzake odikirira odwala: "Ndani ali ndi mchere? Abale, ndani ali ndi mchere?"